Alendo afika, m'thumba mwauma: kokawaonetsa mu Lilongwe chilimwe chino

Loweruka, nthawi ikuthamangira 11 koloko. Dzuwa la Okutobala layamba kale kuswa mtengo, ndipo pasiteji ya pafupi ndi Gateway Mall ku Area 47 minibasi yatsitsa anthu asanu ndi awiri a banja limodzi.

Patsogolo pali mayi wachitsikana wa jini ndi magalasi akuda. Safunsa njira. Ndiye mwini tauni. Pambuyo pake pakubwera agogo aakazi amene chitenje chawo chikuonekabe mizere ya m'sitolo, bambo wina wovala jekete ngakhale kunja kukuotcha, ndi ana anayi ogwirana manja.

Alowa. Kamphepo kozizira ka m'katimo kawalandira, ndipo agogo aja aima kaye kuti apume. Gulu lonse layenda mpaka kumapeto, likuwerenga mitengo ya nsapato pagalasi n'kumayang'anana. Ana ajambulitsa pafoni. Ola limodzi litatha atuluka ndi botolo limodzi la chakumwa ndi paketi ya mabisiketi.

Ulendo woona Lilongwe wathera pomwepo.

Sikuti alakwitsa. Kulowa n'kwaulere, muli mthunzi, muli pokhala. Koma agogowa akabwerera kumudzi, akakamba kuti ku likulu la dziko adaonako mashopu basi.

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, nyumba za mu Lilongwe zimadzaza. Kumudzi ntchito imakhala yachepa, chimanga chili m'matumba, fodya ndi soya zagulitsidwa. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka miyezi yomweyi, Loweruka lililonse magalimoto a maliboni ali piringupiringu m'misewu. Ena abwera kudzazonda wodwala ku Kamuzu Central, ena kudzalondola pasipoti, ena kudzangopuma kwa mwana wawo. Pa 15 Okutobala pali Tsiku la Anakubala, ndipo ambiri amaitanitsa mayi awo kuti adzadyere limodzi mpunga m'tauni.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Koma mame a masiku ano amatha sabata ziwiri asanakamuke, ndipo mwininyumba amagwira njakata: ndiwaonetse chiyani?

Amene ali ndi galimoto ndi mafuta amathamangira kunyanja ku Senga Bay, mtunda wa makilomita oposa 100. Otsalafe, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, timayamba tawerenga ya ndiwo ndi ya makala. Mapeto ake alendo amangoswera pabalaza, kudikira magetsi kuti aonere TV.

Chonsecho malo ambiri oyenera kuwaona mumzinda muno alibe geti lolipiritsa. Pamene pali geti, ndalama yake kawirikawiri siposa imene banja lawononga kuti lifikepo.

Chodula mu Lilongwe ndi ulendo.

Zimenezi zili ndi gwero lake. Mzinda uno adachita kuujambula papepala. Boma la Kamuzu Banda litatsimikiza mu 1965 zochotsa likulu ku Zomba, dziko la Britain lidakana kuthandizapo. Thandizo lidachokera ku South Africa wa nthawi ya tsankho, amene mu 1968 adapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni. Chaka chomwecho kudabadwa bungwe la Capital City Development Corporation lomanga mzindawu, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu.

Ojambula mapulani adafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa zigawo zotalikirana, pakati pake pali tchire ndi madambo. Munthu amene adali naye m'maganizo ndi wa galimoto. Anthu wamba adapezeka m'mphepete: Area 25 kumpoto kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, Kawale, Biwi ndi Area 23 kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, Chinsapo njira ya ku Likuni. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzindawu, ndipo ochuluka mwa iwo amayenda wapansi, paminibasi kapena pakabaza.

Mlendo asanamizidwenso ndi manambala. Madera sadaikidwe motsatana monga amakhalira manambala m'kope la mwana. Manambalawa sasonyeza kumene dera lili, n'chifukwa chake Area 10 yagundizana ndi Area 43, ndipo wochokera ku Area 47 sachedwa kufika ku Area 9.

Minibasi zambiri zimakathera kudepoti m'tauni. Wa ku Chinsapo wofuna kukafika ku City Centre amakwera kawiri popita, kawiri pobwera. Muchulukitse ndi anthu asanu ndi awiri, muona chifukwa chake alendo amaswera pabalaza.

Nzeru yake ndi yosankha mbali imodzi patsiku, kulawira, n'kumalizitsa ndi miyendo.

Kwa amene afikira ku Area 47, ku Area 49 kapena ku Mtandire, tsiku liyambe kusanatenthe. Cha m'ma 5 koloko m'mawa msewu wochokera kubwalo la Bingu kulowera ku Area 18 umakhala ndi anthu ake. Azimayi a m'maofesi atavala matraki, azibambo olimbana ndi mimba, anyamata a mpira akuthamanga m'magulu akuimba. Palibe amene amafunsa khadi. Mlendo wachinyamata amene wakhala masiku atatu akudya ndi kugona akhoza kungolowa m'gulu n'kuwongola miyendo.

Bwalolo lili ku Area 48, kungowoloka mtsinje wa Lingadzi. Adalimanga ndi ngongole ya ku China, adalitsegula mu Januwale 2017, ndipo mumalowa anthu pafupifupi 41,000. Kuliona kunja n'kujambulitsa sikulira tambala. Mwana wochokera kumene bwalo lake ndi dambo la zigoli za nsungwi amayamba wakhala chete akaliyang'ana. Pafupi pomwepo pali nyumba ya masewero ya Griffin Saenda, yotchedwa dzina la mphunzitsi wotchuka wa timu ya ntchemberembaye ya Queens.

Koma pabwalo pomwepa pali phunziro lowawa la zinthu zaulere. Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, mpira wa Bullets ndi Silver Strikers udali wosalipira. Chinamtindi cha anthu chidapanikizana pageti ndipo anthu asanu ndi atatu adafa, ambiri mwa iwo ana.

Ngati muli ndi ana kapena okalamba, tsiku la chikondwerero chaulere si lanu. Sankhani mpira wamba wa ligi.

Mpira woterowo uli pakhomo. Silver Stadium ili mu Area 47 momwemo, kwawo kwa Silver Strikers, timu ya Reserve Bank imene idatenga ligi ya TNM mu 2024 n'kudula ulamuliro wa Bullets wa zaka zisanu zotsatizana. Ligi imaseweredwa chilimwe chonse. Ku open ndiye kotchipa, ndipo kunena zoona ndiye kokoma, chifukwa ndemanga za kumeneko simungazimve pawailesi. Kulibe denga, choncho chipewa kapena ambulera n'zofunika, ndipo amalume amene sakonda mawu otukwana muwachenjezeretu.

Za Bwandilo aliyense adamvapo, ngakhale wa ku Nsanje. Masana ndi malo wamba: utsi wa kanyenya, tchipisi cha pachiwaya, mang'ina akubwata mumphika, otsuka magalimoto akukuwizana. Mlendo akhoza kudya n'kukhuta ndi ndalama yochepa, n'kukanena kumudzi kuti pa Bwandilo adapondapo. Kukada nkhani imasintha. Pamenepo si pa agogo, si pa ana, ndipo amene akuti akusunga ndalama asayerekeze n'komwe.

Pobwerera, imani pang'ono m'mbali mwa Lingadzi. Tsidya lino kuli mipanda ya njerwa ya mawaya a magetsi pamwamba. Tsidya linalo kuli Mtandire, nyumba zothithikana, kumene kumachokera alonda, osamalira maluwa ndi antchito ambiri a m'mipandamo. M'mawa amawoloka kubwera, madzulo amawoloka kubwerera. Mlendo amene waona zimenezi waudziwa Lilongwe kuposa amene wazungulira mashopu onse.

Tsiku lachiwiri likhale la ku City Centre. Kumeneko ndiko kokha kumene mapulani a 1968 aja amamukomera woyenda pansi, chifukwa malo anayi kapena asanu ali moyandikana. Mukachokera mbali ya kubwalo la Bingu mudutsa pamsewu wam'mwamba wa pa Area 18, umene aliyense amangoti interchange. Kwa ana amenewo ndi malo oyamba kuwaona, ngakhale mungodutsapo.

Yambani ndi chiliza cha Kamuzu.

Kamuzu adamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala ku Johannesburg, ndipo manda ake adakhala zaka zoposa 8 opanda chiliza chooneka. Bingu wa Mutharika ndiye adadzatsegula chimene chilipochi pa 14 Meyi 2006. Pakhomo pali chithunzi chachikulu cha mwini wake. Denga lakhala pa nsanamira zinayi zoimira ngodya zinayi zimene wophunzira aliyense wa nthawi imeneyo adaziloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Manda amene alendo amaona pamwamba ndi chifanizo chabe. Thupi lidagona m'chipinda chapansi, chimene sichitsegulidwa kwa aliyense.

Kulowa n'kwaulere. Pamakhala okufotokozerani mbiri, ndipo ulemu wake ndi kuwasiyira kangachepe.

Koma wofotokoza wabwino mwabwera naye nokha. Agogo amene adavala nsalu ya mbumba n'kukavina pamaso pa Ngwazi akafika pamenepa lilime limamasuka. Ena amakumbuka sukulu, misewu ndi chimanga chodzaza nkhokwe. Ena amakumbuka khadi la chipani limene ankafunsidwa polowa mumsika, ndi m'bale amene adatengedwa usiku osabwereranso. Asiyeni alankhule, ana amve zonse ziwiri. Mbiri ya zaka 30 imeneyo m'mabuku a kusukulu idalembedwa mwachidule kwambiri.

Kungotuluka, Nyumba ya Malamulo ili pomwepo. Idatsegulidwa mu 2010, ndipo pamodzi ndi bwalo la Bingu ndi nyumba ya misonkhano ya BICC, ndi chipatso cha ubale ndi China umene udayamba Malawi atasiyana ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Aphungu akamakumana, anthu wamba amaloledwa kukakhala m'mwamba n'kumamvera, bola kupempha pasadakhale ndi kuvala modzilemekeza. Mlimi amene adaima pamzere dzuwa likumuwomba kuti avote ayenera kamodzi kudzaona ndi maso ake ngati phungu wakeyo amatsegula pakamwa, kapena ngati mpando wake umakhala ndi munthu.

Kutsogolo kwa BICC kuli bwalo lalikulu la simenti la Malawi Square, labwino kujambulirapo, koma masana a Okutobala simukhalitsapo.

Kuchoka apo lowerani ku chipilala chokumbukira asilikali, cha kufupi ndi Capital Hill mbali ya Area 18. Chimakumbutsa za Amalawi amene adafa pankhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse ndi nkhondo zina, ambiri a iwo ali m'gulu la King's African Rifles, kumenya nkhondo ya mfumu imene sadaione. Patsogolo pake paima chiboliboli cha Kamuzu cha mu 2009, ali mu suti, chipewa kumutu, ndodo ndi litchowa m'manja. Oyang'anira akalola kukwera chipilalacho, ndi ntchito ya achinyamata opanda chizungulire, koma pamwamba mumaona mzinda wonse uli tayale, maofesi a boma ali mbuu pakati pa mitengo. Lamulungu lachiwiri la Novembala ndilo tsiku lokumbukira asilikaliwa, la perete ndi malipenga.

Ikamakwana 11 koloko thukuta limakhala lili kamukamu. Miyezi ino kutentha kumapitirira madigiri 30 masana, ndipo a nthambi ya zanyengo amachenjeza kawirikawiri kuti anthu azimwa madzi ambiri ndi kupewa dzuwa la masana. Apa ndi pamene munda wa zomera wa Botanic umapulumutsa.

Uli pafupi pomwepo, m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lili ndi minda ina ku Zomba ndi ku Mzuzu. Pageti mumalipira kandalama kochepa. M'katimo mupeza ophunzira ali ndi mabuku pansi pa mitengo, magulu a mapemphero akufuula kumbali, akwati akujambulitsa, ndi achinyamata awiriawiri amene akuoneka kuti sadabwerere zomera. Yalani chitenje kapena mkeka. Tsegulani kontena ya mpunga ndi nkhuku imene mwaphika kunyumba, botolo la thobwa lizungulire. Chakudya cha anthu asanu ndi awiri chophikidwa pakhomo sichifika pa mtengo wa mbale ziwiri za m'malesitilanti a kufupi ndi kumeneko.

Wokonda kuwerenga akhoza kupatukira ku likulu la National Library Service, ku City Centre komweko. Muli nyuzipepala, mabuku a ana ndi bata.

Pakati pa City Centre ndi tauni yakale, m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, pali nkhalango imene anthu ambiri obadwira mu Lilongwe amangoidutsa paminibasi osalowamo. Ndi Lilongwe Wildlife Centre, yoyendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha Bella, mkango wa diso limodzi umene udachokera ku Romania mu 2009. Mkangowo udafa kale, ndipo mlendo asapite ndi maganizo okaona zilombo m'zitupa. Ntchito ya malowa ndi kuchiza ndi kusamalira nyama zolandidwa kwa ozembetsa kapena zovulala, monga anyani, apusi, agwape ndi ngaka, kuti zothekazo zibwerere kutchire.

Chimene mlendo amapeza ndi tinjira ta m'nkhalango totsata mtsinje wa Lingadzi, mbalame, apusi olumpha m'mitengo ndi mthunzi weniweni. Mukalowa pang'ono phokoso la magalimoto limazilala. Pageti pali kolipira, ndipo ndi ndalama imene simudandaula nayo. Ana asayandikire madzi, mumtsinjemo muli ng'ona.

Anthu a kumudzi amaseka akamva kuti m'tauni timalipira kuti tikaone tchire. Aseke, koma afunseni kuti kwawoko mitengo ya msinkhu umenewo idatsala ingati. Muwauzenso kuti likulu lawo lili ndi afisi enieni, a miyendo inayi, amene amayenda usiku m'madambo a mumzinda ndipo akatswiri a nyama akhala akuwalondola.

Tauni yakale njosiyana. Kumeneko kulibe bata, ndipo sangalalo lake ndi lomwelo.

Msika wa Tsoka uli m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Mbali ina kuli kaunjika, nsapato ndi zikwama, mbali ina matimati, kabichi ndi zipatso. Pakati pali timilatho ta mitengo ndi matabwa tomangidwa ndi anthu wamba, ndipo mwini mlatho amakhala kumapeto kwake kutolera ndalama ya wowoloka aliyense. Timagwedezeka mukamayenda. Mvula ikakula madzi amatikokolola, eni ake n'kumanganso. Ndalama yowolokera ndi yochepetsetsa pa zonse zimene mungalipire mumzinda muno, koma nkhani yake ana amakaikamba mpaka Khirisimasi.

Kukwera pang'ono mufika mumsika waukulu wa ku Area 2 ndi mumsewu wa Malangalanga: zitenje, mapoto, usipa, mankhwala azitsamba, zitsulo za njinga. Kufupi ndi positi ofesi ya ku Area 3 kuli ogulitsa ziboliboli, mipando ya mafumu ndi mabawo osema. Kuona salipiritsa. Mtengo woyamba umene atchule ndi wa azungu, ndipo akamva Chichewa chanu amautsitsa okha.

Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, chikwama pamimba, mwana m'dzanja. Kudepoti ndi pamilatho pali anyamata amene amamudziwa mlendo ndi kayendedwe kokha.

Za m'kamwa nazo musamale. Chinangwa chootcha, nzimbe, nthochi, zitumbuwa zotentha ndi mango oyamba a mu Novembala zimatchipa ndipo sizivuta. Chovuta ndi madzi a m'majumbo ndi mafirizi osadziwika kumene apangidwira. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe adali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Madzi nyamulani a kunyumba.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona ngati manyazi osafunika. Wa ku Kawale kapena ku Mgona akalandira mlendo amaganiza kuti choonetsa chili kwa ena, ku ma Area a mipanda. Chonsecho Loweruka masana pabwalo la sukulu ya m'dera lake pali mpira wa matimu a m'makwalala, wa fumbi ndi mkangano, wosalipira. Pansi pa mtengo pali bawo, ndipo amalume ochokera kumudzi akhoza kuwagonjetsa akatswiri a pamenepo n'kupeza anzawo tsiku lomwelo. M'matchalitchi makwaya akukonzekera za mawa, zitseko zili zotsegula. Ku Biwi amakaniko amadzutsa galimoto imene wina aliyense akadaitaya. Ku Mchesi akalipentala amapala mipando, makabati ndi mabokosi a maliro moyandikana m'mbali mwa msewu, wogula aliyense n'kusankha chimene chamubweretsa. Ku Mgona azimayi amapeta ndi kusankha mtedza ndi nyemba milumilu. Mnyamata wochokera kumudzi amene akuganiza za ntchito ya manja angapindule ndi tsiku limodzi m'malo amenewa kuposa sabata ya mafilimu.

M'madera a m'mphepete monga Chinsapo, kumene tauni idapeza midzi ya Achewa ilipo kale, chilimwe ndi nyengonso ya gule wamkulu, pamaliro, paziliza ndi polonga mafumu. Bungwe la UNESCO lidauzindikira guleyu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Mlendo wochokera kumene kulibe mwambowu mumulangize: apatuke panjira, asaloze chala, asajambule asanapemphe, ndipo kufupa ndi ulemu.

Amene angakwanitse ulendo umodzi wotuluka mumzinda ali ndi zisankho. Phiri la Bunda, kufupi ndi sukulu ya zaulimi ya LUANAR, limakwereka m'mawa umodzi, ndipo pamwamba pake sipasowa anthu opemphera, ena ogonera komweko. Koma ngati masiku agwirizana, ine ndingasankhe Dzaleka.

Dzaleka ali m'boma la Dowa, pafupifupi ola limodzi kuchokera mu Lilongwe. Nthawi ya Kamuzu idali ndende ya anthu oganiziridwa kuti ndi oukira boma. Kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa nkhondo ochokera ku DR Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Mu 2014 mlakatuli wa ku Congo wokhala mumsasamo, Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, chimene chakhala chikuchitika chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Oimba a m'dziko muno ndi akunja amasinthana nsanja ndi magulu a mumsasamo, ng'oma za ku Burundi zikugunda, chapati ikuotchedwa pambali. Kulowa n'kwaulere. Anthu amene adathawa kwawo opanda kanthu ndiwo amakonza chisangalalo chosalipiritsa chimene mzinda wa anthu miliyoni sudakwanitse kukonzera ana ake.

Apa ndiye pali bala la Lilongwe.

Mzinda umene udajambulidwa kuti ukhale wa mitengo ndi maluwa uli ndi malo ochepa kwambiri amene mayi wa ku Area 23 angapite ndi ana ake wapansi, n'kupeza katungwe, benchi ndi mpope wa madzi. Malo osewerera ana amene alipo ambiri ali m'mipanda ya malesitilanti ndi malo ogona alendo, kumene mwana amasewera kholo likagula. M'madera ambiri malo amene kale adali mabwalo lero pali nyumba, mashopu kapena tchalitchi. Madambo a m'mbali mwa Lingadzi ndi Lilongwe akudyedwa ndi okumba mchenga, oumba njerwa ndi otaya zinyalala.

Mu 2021 mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta idagwetsedwa kuti msewuwo ukule, ndipo anthu adadandaula kwambiri. Msewu udafunikadi, palibe amene amakonda kuswera pamzere wa magalimoto. Koma woyenda pansi kuchokera m'tauni kupita ku City Centre adataya mthunzi umene udatenga zaka makumi kuti ukule, ndipo mu Okutobala kusiyana kwake kumamveka pamutu.

Zimbudzi za anthu onse nazo n'zosowa, ndipo zimene zilipo n'zolipira. Aliyense amene adayendapo ndi agogo kapena mwana wamng'ono mumzinda muno akudziwa kuti ulendo umatha msanga pa chifukwa chimenechi kuposa chifukwa cha njala.

Kukonza izi sikufuna ngongole ya ku China. Khonsolo ya mzinda itateteza mabwalo amene atsala m'madera, n'kuikamo mabenchi, mpope ndi chimbudzi chaukhondo, itabzala mitengo m'misewu yatsopanoyi n'kuithirira mpaka igwire, banja la ku Chinsapo kapena ku Area 25 silikadafunika minibasi zinayi kuti likapeze mthunzi. Makhansala amene tidawasankha tiziwafunsa zimenezi ndi dzina la bwalo lake, asanatiuze za mapulani a zaka 20.

Pakadali pano, inu amene muli ndi alendo pakhomo, musadikire malipiro a mwezi. Phikani usiku, dzazani mabotolo a madzi, nyamukani 6 koloko kusanatenthe, ndipo ikamakwana 3 koloko mukhale mukubwerera minibasi zisanadzaze. Mvula ikangogwa alendo anuwo athamangira kukadzala, ndipo sabata zatsala n'zowerengeka.